Gyller, Sitima Yankhondo Imene Inatumikira Maiko Awiri

Gyller inali sitima yaing'ono yankhondo ya dziko la Norway, ya mtundu wochedwa destroyer. Inapangidwa mu mzinda wa Horten ndipo inaikidwa pamadzi m'caka ca 1938. Kutalika kwake kunali mamita pafupifupi 74, ndipo inali kunyamula asilikali okwana 75.

Pa 9 April 1940, pomwe dziko la Germany linathira nkhondo dziko la Norway, Gyller inali pa doko la Kristiansand pamodzi ndi inzake yochedwa Odin. M'mawa wa tsikulo, mizinga ya pa linga la Odderøya inabweza sitima za adani zimene zinali kufuna kulowa m'doko. Koma pambuyo pake panabuka cisokonezo. Asilikali a Norway anali atauzidwa kuti asaombere sitima za Britain ndi France, ndipo adaniwo atabweranso, alonda a pa linga anayesa kuti aona mbendera ya France. Motero Ajeremani analowa popanda wowaletsa, ndipo Gyller ndi Odin zinagwera m'manja mwao.

Ajeremani anaipatsa dzina lakuti Löwe, kutanthauza mkango. Nchito yake sinali ya mkango kwenikweni. Poyamba inali kuperekeza sitima za katundu, kenaka inatumizidwa ku Gotenhafen, doko limene lero ndi Gdynia m'dziko la Poland, kukatola mabomba a torpedo amene asilikali anali kuponya pophunzira.

Kumeneko ndi kumene dzina lake linamvekera. Pa 30 January 1945, sitima yaikulu ya Wilhelm Gustloff inanyamuka pa dokolo itadzaza ndi anthu oposa 10,000. Ambiri a iwo anali amai ndi ana othawa asilikali a Soviet Union, koma munalinso asilikali a Germany ndi ovulala. Sitima ina imene inayenera kuiperekeza inabwerera cifukwa ca vuto, ndipo Löwe inatsala yokha. Kunali kuzizira koopsa pa nyanja ya Baltic, moti cipangizo cake comvera sitima za pansi pa madzi cinaleka kugwira nchito.

Usiku womwewo, sitima ya pansi pa madzi ya Soviet Union yochedwa S-13, yolamulidwa ndi Alexander Marinesko, inalasa Wilhelm Gustloff ndi mabomba atatu. Patatha pafupifupi ola limodzi, cisitimaco cinamira. Asilikali a mu Löwe anavuula anthu m'madzi ndi m'timabwato mumdima, ndipo anapulumutsa 472, ciwerengero coposa kasanu ndi kamodzi ca asilikali amene sitimayo inapangidwira. Sitima ina ya Germany, T36, inapulumutsa 564. Akatswiri a mbiri yakale akuti anthu pafupifupi 9,000 anafa, ndipo palibe sitima ina imodzi yodziwika imene inamira ndi anthu oculuka cotero.

Nkhondo itatha mu May 1945, sitimayi inabwezedwa ku Norway ndi kupatsidwanso dzina lake lakale. Pa nthawiyo ma destroyer atsopano anali aakulu kwambiri kuiposa, conco patapita zaka zocepa inakonzedwa kukhala frigate, sitima yoperekeza ndi kuchinjiriza zinzake. Inali ikali pa nchito pomwe Norway inalowa m'bungwe la NATO mu 1949. M'caka ca 1959 inacotsedwa pa mndandanda wa sitima zankhondo ndi kugulitsidwa kuti ikaphwanyidwe.