Mafunso ndi Mayankho: Kodi Budweiser Inayamba Bwanji, Nanga Ikukhudzana Bwanji ndi Mowa Wathu?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Nambuma ndipo ndimakonda kuonera mpira pa kanema kumsika. Nthawi ya World Cup ndimaona dzina loti Budweiser litazungulira bwalo lonse, ndipo anzanga akuti ndi mowa wa ku America. Ife kuno mowa tinayamba kufulula kalekale, koma sindinamvepo wa kwathu kuno amene mowa wake unatchuka kupitirira pa Nsaru. Kodi kampani imeneyi inayamba bwanji kuti ifike pamenepa? Ndine mlimi wa fodya, Nambuma.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Kampani imene imafulula mowa umenewu ndi Anheuser-Busch, ndipo kwawo ndi mumzinda wa St. Louis, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, m'chigawo cha Missouri. Chiyambi chake n'chochepa kwambiri. M'chaka cha 1852 munthu wina wochokera ku Germany, George Schneider, anatsegula kafakitale ka mowa mumzindawo, momwe munali kale mafakitale ena ambiri a mtundu womwewo. Bizinesi sinayende, eni ake anasinthasintha, ngongole zinachuluka, mpaka mu 1860 kafakitaleko kanagwera m'manja mwa Eberhard Anheuser. Mkuluyu za mowa sankazidziwa kwenikweni. Chuma chake anachipeza popanga sopo.

Amene anasintha zinthu ndi mkamwini wake. Adolphus Busch anabadwira ku Germany mu 1839, anafika ku St. Louis mu 1857, ndipo ankagulitsa zipangizo kwa ofulula mowa. Mu 1861 anakwatira Lilly, mwana wa Anheuser, kenako analowa m'bizinesi ya apongozi ake. Inu a ku Nambuma mukudziwa za mkamwini wakhama amene amapeza kamunda ka apongozi kali thengo, iye n'kukasandutsa munda wodzaza nkhokwe. Busch anali wotero. Mu 1879 kampaniyo inatenga mayina a onse awiri, ndipo Anheuser atamwalira mu 1880 mkamwiniyo anakhala mtsogoleri.

Masiku amenewo mowa wa ku America unali ndi vuto lomwe masese athu ali nalo: sunkachedwa kusasa. Choncho tauni iliyonse inkamwa mowa wofululidwa pomwepo, ndipo wofulula aliyense msika wake unkathera pamene ngolo ya mahatchi ingafike. Busch anachita zinthu zitatu. Choyamba, m'zaka za m'ma 1870 anatengera nzeru za katswiri wa sayansi wa ku France, Louis Pasteur, zotenthetsa chakumwa chikatsekeredwa kale m'botolo kuti tizilombo tosasitsa tife. Chachiwiri, anayamba kutumiza mowa pa sitima zapamtunda zokhala ndi mabogi ozizira, ndipo m'mbali mwa njanji anamanga nyumba zosungiramo ayezi woti aziwonjezera m'mabogimo ulendo uli m'kati. Chachitatu, mu 1876, mogwirizana ndi mnzake Carl Conrad, anatulutsa mowa wopepuka, woyera, wotengera kafululidwe ka ku Budweis, tauni imene lero ili m'dziko la Czech Republic. Umenewu ndiye Budweiser. Amaupanga ndi chimera cha barele, mpunga, madzi, yisiti ndi maluwa owawa a chomera chotchedwa hops.

Mowa utasiya kuwonongeka m'njira, dziko lonse la America linasanduka msika wake. Pofika 1901 kampaniyo inkafulula migolo 1 miliyoni pachaka, ndipo mgolo umodzi ndi malita pafupifupi 117. Busch anamwalira mu 1913, mavuto aakulu asanafike. Kuyambira 1920 mpaka 1933 boma la America linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa m'dziko lonse. Mafakitale ochuluka anatsekeratu. A Anheuser-Busch anapulumuka pogulitsa yisiti ya buledi, ayisikilimu, manyuchi a chimera ndi chakumwa chosaledzeretsa chotchedwa Bevo. Lamulo litachotsedwa, iwo anali ndi makina, antchito ndi dzina, pamene opikisana nawo ambiri anali atagwa. Mu 1951 anatsegula fakitale yachiwiri ku Newark, ndipo mu 1957 anakhala kampani ya mowa yaikulu kuposa zonse ku America. Kuyambira pamenepo ndalama zambiri anaziika pa kutsatsa malonda, makamaka pa masewera. Dzina limene mumaliona pabwalo lija lakhala likuthandiza World Cup kuyambira 1986.

FUNSO: Mwana wa mchimwene wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandiuza kuti Chibuku chimene timamwa pa Kabudula ndi mowa wa ku America uja zinakhalapo za mwini mmodzi. Ine ndinamutsutsa. Zoona n'ziti? Nanga Carlsberg ndi wa kuti? Ndine wowerenga wanu, Kabudula.

YANKHO: Mwanayo sananame, bambo, ngakhale kuti njira yake ndi yokhotakhota. Chibuku sichinachokere ku America. Ndi mowa wathu womwe uja wa chimanga ndi mapira, umene munthu wina dzina lake Max Heinrich anayamba kuufulula m'mafakitale m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 m'mayiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, makamaka pofuna msika wa anthu ogwira ntchito m'migodi ndi m'matauni. Kuchokera kumeneko unafika kuno ku Malawi, komwe umapangidwa ndi kampani ya Chibuku Products Limited.

Tsono ku South Africa kunali kampani ina, South African Breweries, imene inakhazikitsidwa mu 1895 ndipo inatchuka ndi mowa wa Castle. Itakula, mu 2002 inagula kampani ya ku America ya Miller n'kukhala SABMiller. Kampani imeneyi inali ndi magawo m'mafakitale a mowa m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Chibuku ya ku Malawi. Kumbali inayi, Anheuser-Busch ija, ngakhale inali yamphamvu chotero, mu 2008 inagulidwa ndi InBev, kampani ya anthu a ku Belgium ndi ku Brazil, pamtengo wa madola 52 biliyoni. Dzina latsopano linakhala Anheuser-Busch InBev, ndipo likulu lake lili ku Leuven, ku Belgium. Mu 2016 chimphona chimenechi chinagulanso SABMiller pamtengo woposa madola 100 biliyoni. Apa m'pamene paketi ya Chibuku ya pa Kabudula ndi botolo la Budweiser la ku St. Louis zinakumana m'khola limodzi.

Carlsberg ndi wa ku Denmark. Fakitale yake ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, chinthu chimene Amalawi ambiri amachinyadira. Ndi kumeneko kumene kunachokera Green, Brown, Special ndi Kuche Kuche. Mu 2016, chaka chomwe chija, a Carlsberg anagulitsa magawo awo okwana 59 pa 100 alionse a kampani yawo ya ku Malawi ku kampani ya ku France ya Castel, ndipo n'chifukwa chake lero mumamva za Castel Malawi. Mukaonetsetsa, makampani a mowa masiku ano amakula pogula anzawo, ndipo eni ake amakhala kutali ndi kumene mowawo ukumwedwa.

FUNSO: Ine ndimafulula mowa wa masese ndipo ana anga ndawaphunzitsa ndi ndalama za mowa. Chimandiwawa n'chakuti mowa ukapanda kutha masiku awiri kapena atatu umasasa, ine n'kuluza chimanga, chimera ndi nkhuni. Wa m'botolo umakhala miyezi. Amathiramo mankhwala anji? Ndine mayi wa kufupi ndi mishoni ya Nambuma.

YANKHO: Mayi, chinsinsi chachikulu si mankhwala. Mukanyika mawere, mapira kapena chimanga n'kumera, mbewuyo imatulutsa mphamvu imene imasandutsa ufa wa m'phala kukhala shuga. N'chifukwa chake thobwa limatsekemera ngakhale musanathiremo shuga wa kusitolo. Kenako yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'mbiya, m'chimera ndi mumpweya, timadya shuga uja n'kutulutsa ukali wa mowa pamodzi ndi mpweya umene umachititsa thovu. M'mbiya momwemo mumakhalanso tizilombo tina timene timapatsa masese kuwawasa kokoma kuja. Mowa wanu mumaugulitsa tizamoyo tonseti tikugwirabe ntchito. Shuga akatha, kuwawasa kumapitirira muyeso, ndiye kusasa mukunenako. Nyengo yotentha ya Okutobala zimenezi zimafulumira kuposa mu Juni.

A m'fakitale amasefa mowa mpaka kuyera, amautsekera m'botolo lotsukidwa bwino, n'kuutenthetsa kufika madigiri pafupifupi 60 kwa kanthawi. Tizamoyo tija timafa, ndipo popeza botolo ndi lotseka, tina sitilowa. Chibuku cha m'paketi chili ngati mowa wanu: chimakhala chikuwirabe, n'chifukwa chake paketi imakhala ndi kabowo kotulukira mpweya ndipo sichikhala masiku ambiri. Chibuku Super cha m'botolo la pulasitiki, chimene chinayambira ku Zambia mu 2012, amachitenthetsa, ndipo chimatha kukhala masabata atatu. Ndi nzeru ija ya Busch, itafika ku mowa wa chimanga patapita zaka zoposa 130.

Musayerekeze kutsekera masese owira m'botolo, chifukwa mpweya ukachuluka limaphulika n'kuvulaza anthu. Zimene mungathe ndi izi: tsukani mbiya ndi madiramu ndi madzi owira musanayambe, musagwiritse ntchito diramu limene munali mankhwala a fodya kapena mafuta, ikani mowa pamthunzi pozizira utavundikiridwa, ndipo fululani molingana ndi tsiku la msika kapena mwambo umene mukudziwa kuti anthu adzabwera. Chimanga chowola kapena cha nkhungu musachiike kumowa poganiza kuti moto upha poizoni wake, chifukwa poizoniyo satha ndi kuphika.

Ndikufuna kuti inu ndi owerenga onse mumve bwino mfundo iyi. Anheuser-Busch sinakule chifukwa choti mowa wake unkakoma kuposa wa ena onse. Inakula chifukwa inathana ndi kusasa, inapeza njira yonyamulira katundu kutali, ndipo inakhomereza dzina lake m'mitu ya anthu. Luso la kufulula inu muli nalo, ndipo mowa wanu uli ndi malo amene wa m'botolo sungalowemo: pa dima, pa chinkhoswe, pa m'meto, pa kulonga ufumu. Ndalama ya chipanda cha masese imagula chimera kwa mnansi, nkhuni kwa wina, n'kulipira fizi ya mwana m'mudzi momwemo, pamene gawo la phindu la botolo limapita kwa eni magawo kunja kwa dziko. Ntchito yanu ndi yoyenera ulemu, ndipo ulemuwo umasungika mukamafulula mwaukhondo, mukamakana kugulitsa kwa ana osakwana zaka 18, ndiponso mukamabweza bambo amene wabwera ndi ndalama ya feteleza.

Alimi a ku Nambuma, Nsaru ndi Kabudula, inunso muli ndi mbali yanu. Mowa wa m'fakitale umayambira m'munda. Makalabu ndi makopaletivu anu ali ndi ufulu wofunsa makampani amene amagulitsa mowa m'misika yanu kuti chimanga ndi mapira awo amagula kwa yani, pamtengo wanji, komanso chimene chikufunika kuti azigula kwa inu.