Banja la a Karve ndi Maphunziro a Amayi ku India

Namfedwa wa zaka 8

Kale ku India, makolo ambiri ankakwatitsa ana awo aakazi akadali aang'ono. Mwamuna akamwalira, mwanayo ankakhala namfedwa mpaka imfa. M'mabanja a mtundu wa Brahmin, namfedwa sankaloledwa kukwatiwanso. Ankamumeta mpala. Pa ukwati ndi pa zisangalalo sankamufuna, ati amabweretsa tsoka. Mu 1856 boma linakhazikitsa lamulo lolola anamfedwa kukwatiwanso, koma anthu sanalilabadire.

Mtsikana wina, dzina lake Godubai, anakwatiwa ali ndi zaka 8. Patangopita miyezi itatu, mwamuna wake anamwalira.

Ukwati umene unakwiyitsa mudzi

A Dhondo Keshav Karve anabadwa mu 1858, kumadzulo kwa India. Anali mphunzitsi wa masamu pa Fergusson College mumzinda wa Pune. Akazi awo, a Radhabai, anamwalira mu 1891. Mwambo sunkaletsa bambo wofedwa kukwatira kamtsikana. Iwo anakana. Mu 1893 anakwatira Godubai uja, amene tsopano anali mayi wamkulu. Kuyambira pamenepo mayiwa ankatchedwa a Anandibai.

Kwawo ku Murud anthu anakwiya kwambiri. Anawasala a Karve, ndipo abale awo anavutika nawo.

Nyumba ya ku Hingne

A Karve anaona kuti ukwati pawokha sungathetse vutoli. Amuna olimba mtima ngati iwo anali ochepa. Namfedwa ankafunika kudziwa kuwerenga ndi kulemba, kuti apeze ntchito n'kumadzidyetsa yekha.

Mu 1896 anayambitsa nyumba yophunzitsiramo anamfedwa. Kenako anaisamutsira ku Hingne, kamudzi ka kunja kwa Pune. Poyamba inali kanyumba chabe. Akaweruka ku koleji madzulo, a Karve ankayenda wapansi kupita ku Hingne, atanyamula zakudya. Ankaphunzitsa amayiwo usiku. M'mawa ankabwerera ku ntchito, wapansinso, ngakhale nthawi ya mvula ndi matope.

Ntchitoyi sanaigwire okha, ngakhale dzina lotchuka ndi lawo. A Parvatibai Athavale, m'bale wawo wa a Anandibai, nawonso anali namfedwa. Anaphunzira, nakhala mphunzitsi, kenako anayenda m'madera ambiri a India kupempha ndalama zoyendetsera nyumbayo.

Yunivesite ya ophunzira asanu

A Karve anawerenga za yunivesite ya amayi ya ku Tokyo, ku Japan. Mu 1916 anatsegula yawo. Inali yoyamba ya amayi okhaokha ku India, ndipo inayamba ndi ophunzira asanu. Ankaphunzira m'chiyankhulo chawo. Mu 1920 mkulu wina wa bizinesi, Sir Vithaldas Thackersey, anapereka ma rupee 1,500,000, ndipo yunivesiteyo inatenga dzina la amayi ake. Lero imatchedwa SNDT, likulu lake lili ku Mumbai.

Mwana amene anapitirira bambo ake

Mwana woyamba wa a Karve, Raghunath, anabadwa mu 1882. Nayenso anali mphunzitsi wa masamu. Iye anaona vuto lina: mayi angadziwe kuwerenga, koma akamabereka chaka ndi chaka, thupi lake limatha. Mu 1921 anatsegula malo ophunzitsirapo anthu za kulera ku Mumbai.

Nthawi imeneyo nkhani za m'nyumba sizinkakambidwa poyera. Akuluakulu a koleji imene ankaphunzitsako sanakondwe, ndipo ntchito inamuthera. Raghunath sanabwerere m'mbuyo. Mu 1927 anayamba kusindikiza magazini yotchedwa Samaj Swasthya m'chiyankhulo cha Marathi. Ankalembamo za kulera, za matenda opatsirana pogonana, ndi za ufulu wa mkazi pa thupi lake. Anamutengera kukhoti kangapo, ati akulemba zolaula, ndipo analipitsidwa chindapusa. Pa mlandu wina loya wake anali a B. R. Ambedkar, amene pambuyo pake anatsogolera ntchito yolemba malamulo aakulu a dziko la India.

Ndalama zinkasowa pakhomo. Mkazi wake, Malati, anapirira naye, namuthandiza pa ntchitoyo. Magaziniyo inkatuluka mwezi ndi mwezi mpaka Raghunath atamwalira mu 1953. Bambo ake analandira ulemu akadali moyo. Raghunath analandira manyozo, chonsecho mu 1952 boma la India linali litayamba lokha ntchito ya kulera m'dziko lonse.

Mpongozi wopita ku Germany

Mwana wina wa a Karve, Dinkar, anakwatira Irawati. Mayiyu anafuna kukaphunzira ku Germany. Apa pali chodabwitsa: apongozi ake, omwe aja omenyera maphunziro a amayi, sanagwirizane nazo. Kuphunzitsa ana a eni kunali kosavuta kusiyana ndi kumasula mpongozi wa pakhomo pawo. Mwamuna wake anamulimbikitsa, ndipo anapita.

Ku Berlin mphunzitsi wake ankakhulupirira kuti azungu amaposa anthu ena nzeru, ndipo kuti zibade za mitu yawo zimaonetsa zimenezo. Irawati anayeza zibade zambiri. Sanapeze umboni, ndipo analemba zomwe anapezazo mosaopa. Anatenga digiri ya udokotala mu 1930. Atabwerera anaphunzitsa pa Deccan College, nafufuza za mitundu ya anthu ndi chibale chawo. Buku lake lotchedwa Yuganta linapata mphoto ya Sahitya Akademi mu 1968.

Zidzukulu

A Dhondo Karve analandira Bharat Ratna, ulemu waukulu koposa ku India, mu 1958 atakwanitsa zaka 100. Anamwalira mu 1962 ali ndi zaka 104.

Ana aakazi a Irawati, Jai Nimbkar ndi Gauri Deshpande, anakhala alembi a mabuku. Gauri ankalemba za amayi ofuna kudzisankhira okha za chikondi ndi za ukwati. Mchimwene wawo, Anand, anayambitsa bungwe la ARTI lofufuza zipangizo zothandiza anthu akumudzi. Mwana wa Anand, Priyadarshini Karve, anaphunzira sayansi. Iye amakonza mbaula zosafuna nkhuni zambiri ndiponso zosatulutsa utsi wambiri, chifukwa utsi wa m'khitchini umadwalitsa amayi maso ndi chifuwa.