Malonda a zipangizo za alimi ang'onoang'ono a m'mizinda

Mu mzinda wa Lusaka, umene kalembera wa caka ca 2022 anaonetsa kuti muli anthu oposa 2 miliyoni, mabanja ambiri amalima ndiwo zamasamba ndi kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba. M'makomboni monga Kanyama, Chawama, Matero ndi Mtendere, repu, matimati, anyenzi ndi nkhuku zimadyetsa banja ndi kubweretsa ndalama za lendi ndi za sukulu. Mlimi wotere ali ndi malo ocepa, madzi osowa, ndipo ndalama zake zimabwera pang'onopang'ono. Zinthu zitatuzi ndizo zimalamulira kapangidwe ka katundu womugulitsa, mtengo wake ndi njira yomufikira.

Kapangidwe ka katundu

Katundu wambiri wa ulimi amapangidwira mafamu aakulu. Feteleza ndi cakudya ca nkhuku zimabwera m'matumba a makilogalamu 50, pamene mwini mabedi atatu a repu afuna makilogalamu awiri cabe. Motero makampani monga Zamseed ndi Seed Co amalongedza mbewu zamasamba m'timapaketi ta magalamu owerengeka.

Pa za ulimi wothirira, bungwe la iDE, limene linayamba nchito mu Zambia mu 1997, linafalitsa pampu yoponda ndi miyendo. Pampuyi imakoka madzi pa citsime cosapitirira mamita 7 kuya, ndipo sifuna mafuta kapena magetsi. Cilala cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 cinacepetsa madzi pa damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Kuyambira pamenepo mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa akopa alimi ambiri, ngakhale kuti mtengo wake woyamba ndi waukulu.

Kaikidwe ka mitengo

Monga mmene ufa wa pamela umadulira kuposa wa m'thumba lathunthu, cimodzimodzi feteleza wopimidwa pa kilo amadula kuposa wa m'thumba. Wogulitsa amaonjezapo mtengo wa mayendedwe, timapepala tolongedzera, lendi ya sitolo ndi phindu lake. Conco mlimi wosauka ndiye amalipira zambiri pa kilogalamu iliyonse.

Mtengo woyenera umawerengeredwa kucokera pa zimene mlimi adzapeza. Nkhuku ya nyama imakhwima pa masabata asanu ndi limodzi ndipo imadya makilogalamu pafupifupi 4. Nkhuku 100 zifuna matumba asanu ndi atatu, ndipo cakudyaci cimatenga gawo loposa theka la ndalama zonse zoweta. Mtengo wa thumba ukakwera pang'ono, phindu lonse limatha. Pa cifukwa cimeneci ogulitsa ena amalola mlimi kutenga thumba limodzi limodzi monga mmene nkhuku zikulira, kapena kulipira zipangizo zodula pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena MTN Mobile Money.

Kagulitsidwe

Anapiye a tsiku limodzi ocokera ku Hybrid Poultry Farm ndi Ross Breeders, pamodzi ndi cakudya ca Novatek, Tiger Animal Feeds ndi National Milling, amafika kwa mlimi kudzera mwa maejenti ndi masitolo aang'ono a m'madera. Sitolo yapafupi imapambana yakutali cifukwa ndalama ya basi imalowa pa mtengo wa katundu.

Palinso malonda a nchito, osati katundu yekha. Katemera wa citopa amabwera m'botolo lokwanira nkhuku mazana ambiri, ndipo akasungunulidwa ayenera kugwiritsidwa nchito m'maola awiri. Munthu woweta nkhuku 50 amataya wotsalayo. Wotemera amene amasonkhanitsa makomo angapo tsiku limodzi amatsitsa mtengo wa aliyense ndipo iye amapezanso phindu. Ena amafesa mbande za matimati ndi kabici m'mathireyi, kuti mlimi agule zokwanira mabedi ake.

Citetezo ca mlimi

Thumba likatsegulidwa ndi kugawidwa, cizindikiro ca kampani ndi tsiku lotha mphamvu zimasowa, ndipo apa ndi pamene katundu wacinyengo amalowera. Mbewu yabodza imadziwika pokhapokha nyengo itapita kale. Bungwe la Seed Control and Certification Institute ku Chilanga limayesa mbewu ndi kupereka ziphaso kwa ozigulitsa. La ZEMA limayang'anira malonda a mankhwala ophera tizilombo, pamene la Zambia Metrology Agency limaona ngati masikelo apima moyenera. Madandaulo a ogula amapita ku Competition and Consumer Protection Commission.

Mlimi ali ndi ufulu wofunsa ciphaso ca wogulitsa, kuwerenga tsiku lolembedwa pa paketi, ndi kutenga lisiti. Kwa wogulitsa, mlimi amene mbewu yake yamera bwino amabweranso, ndipo amabwera ndi anansi ake.