Ndalama za Pepala Zakale m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi: Mbiri Yake ndi Mtengo Wake

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muli ndalama zambiri zimene sitolo iliyonse ingazikane lero. Zili m'masutikesi amalata, pansi pa makalata a ubatizo ndi ziphaso za msonkho, zopindidwa kanayi, zina ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, zina ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda. Eni ake amati ndi ndalama zakufa, ndipo mwini sutikesi akatisiya, kawirikawiri zimathera m'manja mwa ana kapena pamoto. Komatu ku London ndi ku Johannesburg kuli anthu amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa mapepala omwewa. M'nkhani ino ndifuna kulongosola mmene ndalamazi zidafikira m'mapiri muno, ndiponso chimene chimachititsa kuti pepala lina ligulidwe modula pamene linzake silipeza wolifuna.

Makolo athu sadayambe ndi ndalama. Malonda awo adali osinthana: makasu, mchere, mikanda, mbuzi ndi nsalu. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, atafika ku Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, adapeza kuti munthu womuumbira njerwa sangamulipire ndi ndalama ya ku Ulaya, pakuti sakadadziwa kokaigwiritsa ntchito. Tsono mishoni idadzipangira tindalama take tamalata todindidwa zilembo za MM, timene anthu ankatitcha chamkono, ndipo ankakasinthitsa ndi katundu pamishoni pomwepo. Ndiye kuti ena mwa anthu a ku Dowa adaphunzira kukhulupirira kachitsulo kopanda ntchito ina iliyonse asanazolowere ndalama ya boma.

Chimene chidaumiriza mudzi wonse kufuna ndalama ndi msonkho wa nyumba, umene boma la Harry Johnston lidayambitsa m'zaka za m'ma 1890. Poyamba ambiri ankapereka mashilingi 3 pa nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkho udakwera, koma munthu wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankauchepetseredwa. Apa mpamene amuna adayambira kutsika m'mapiri kukafuna shilingi. Ena adapita ku Halale ndi ku Joni, poyamba wapansi, pambuyo pake kudzera kwa Mthandizi ndi Wenela. Ena adatsala nayamba kulima fodya wofukiza, amene adafala m'maboma a Lilongwe ndi Dowa m'zaka za m'ma 1920, kufikira boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziyang'anira alimi ndi misika. Njira ziwirizi, fodya ndi ulendo wa kumigodi, ndizo zidabweretsa ndalama m'midzi ya kwa Msakambewa, ku Mponela, ku Madisi ndi kwa Malomo.

Kwa nthawi yaitali ndalama ya mlimi idali yachitsulo: kobiri, tiki, sikisi ndi shilingi. Chitsulo chimalira ukachigwetsa, sichidyedwa ndi chiswe, ndipo ungathe kuchikwirira mumtsuko zaka khumi. Pepala linkaoneka ngati lonjezo chabe. Ndalama za pepala za boma zidayamba kufala bungwe la Southern Rhodesia Currency Board litakhazikitsidwa mu 1938, ndipo mapepala ake ankayenda ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia komwe. Chitaganya chitabwera mu 1953, ntchitoyi idapitirira mpaka mu 1956 pamene Bank of Rhodesia and Nyasaland idayamba kutulutsa mapepala a mashilingi 10, paundi 1, mapaundi 5 ndi mapaundi 10, onse ndi nkhope ya Mfumukazi. Taonani tsono chodabwitsa: anthu amene ankakana Chitaganya pamisonkhano ankachinyamula m'thumba tsiku ndi tsiku, chifukwa kudalibe ndalama ina.

Chitaganya chidatha kumapeto kwa 1963, ndipo dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Lamulo lokhazikitsa Reserve Bank of Malawi lidapangidwa chaka chomwecho, ndipo bankiyo idayamba ntchito mu Juni 1965. Mapepala oyamba a Malawi adali a mashilingi 5, mashilingi 10, paundi 1 ndi mapaundi 5. Kumaso kwake kudali Dr. Banda ndi asodzi m'bwato panyanja. Kumbuyo kwa ena kudali anthu ogwira ntchito m'minda ya fodya, thonje ndi tiyi. Boma latsopano linkauza munthu aliyense wogwira ndalama kuti chuma chili m'nthaka.

Pa 15 Febuluwale 1971 paundi idalowedwa m'malo ndi kwacha. Paundi imodzi idasanduka K2, mashilingi 10 adasanduka K1, ndipo kwacha idagawidwa matambala 100. Ichi nchifukwa chake mapepala oyamba a kwacha adali a 50t, K1, K2 ndi K10: adangotenga malo a mapepala anayi akale aja. K5 idadza mu 1973, K20 mu 1983, K500 mu 2001, K1000 mu 2012, K2000 mu 2016 ndipo K5000 mu 2022. Wophunzira zachuma safuna buku kuti aone kugwa kwa mphamvu ya kwacha. Angoyala mapepalawa patebulo. Pepala lalikulu la 2022 likuposa lalikulu la 1983 ka 250.

Nkhope nazonso zimanena mbiri. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, mapepala a 1995 adatuluka ndi nkhope ya Bakili Muluzi, ndipo kuyambira 1997 malo ake adatengedwa ndi John Chilembwe. Mu 2012 adagawana malowo anthu angapo: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500, ndipo Dr. Banda adabweranso pa K1000. Funso lakuti ndani ayenera kukumbukiridwa limayankhidwa pandalama lisanayankhidwe m'mabuku a sukulu.

Tsopano tibwere ku nkhani ya mtengo. Osonkhanitsa ndalama zakale ali ndi bungwe lawo, International Bank Note Society, limene lidayamba mu 1961, ndipo ali ndi buku lawo lalikulu, Standard Catalog of World Paper Money, limene Albert Pick adaliyambitsa. M'bukumo pepala lililonse la dziko lililonse lili ndi nambala yake, kotero kuti wogula wa ku London ndi wogulitsa wa ku Lilongwe angathe kumvana popanda kuonana. Anthuwa sayang'ana chiwerengero cholembedwa papepala. Umboni wake ndi pepala la madola 100 thiriliyoni la ku Zimbabwe, limene lidatuluka mu Januwale 2009 pamene ndalama ya dzikolo idali itatha mphamvu, koma pambuyo pake alendo adayamba kulilimbirana. Sayang'ananso ukalamba wokha. Amayang'ana zinthu zitatu: kusowa kwa pepala, maonekedwe ake, ndi kuchuluka kwa olifuna.

Kusowa kumadalira kuchuluka kwa mapepala amene adasindikizidwa ndi amene adapulumuka. Ndalama ikasinthidwa, banki imasonkhanitsa yakale niiwononga. Pepala lalikulu ndilo limabwezedwa msanga, pakuti palibe mlimi akadagona tulo ali ndi mapaundi 5 amene mawa asanduke chinyalala. Timapepala tating'ono ndito tinkaiwalika. Nchifukwa chake mapepala akuluakulu a m'nthawi ya Chitaganya ndi a 1964 ndiwo ovuta kuwapeza. Pali zinanso zimene diso la munthu wamba silisamala: tsiku losindikizidwa papepala, zilembo za kutsogolo kwa nambala, ndi siginecha ya bwanamkubwa wa banki. Mapepala awiri a K1 ofanana chithunzi angasiyane mtengo chifukwa cha tsiku lokha. Kwa wolemba mbiri siginechayo ndi chizindikiro cha nyengo: ya John Tembo, mwachitsanzo, imatiuza kuti pepala ndi la pakati pa 1971 ndi 1984.

Maonekedwe ndiwo amagwetsa mapepala ambiri a kwathu. Ogula amaika mapepala m'magulu, kuyambira Uncirculated, limene silidapindidwe nkamodzi komwe, kutsika kudzera Extremely Fine, Very Fine ndi Fine mpaka lothaitha. Kampani za masiku ano zoyesa mapepala zimapereka mamalikisi kuyambira 1 mpaka 70. Mzere umodzi wa kupinda umatsitsa pepala gulu lathunthu. Nanga ndalama ya m'mapiri muno idakhala bwanji? Idamangidwa pamfundo ya chitenje, idatuluka thukuta pamsika wa fodya, idabisidwa m'nsungwi ya patsindwi pamene utsi udaidetsa, kapena m'chitini chimene chidachita dzimbiri m'nyengo ya nkhungu ya ku Ntchisi. Makoswe ndi chiswe zidatsiriza zotsala. Pepala lodula ndi limene silidagwirepo ntchito, lija lidasungidwa m'buku ndi kalaliki wa kubanki kapena bwana wobwerera kwawo. Pepala limene lidalipira msonkho, fizi ya mwana ku Kongwe ndi chiongo cha mkazi, msika umaliyesa lachabechabe.

Amene ali ndi mapepala otere ndipo afuna kugulitsa asamale zinthu zingapo. Asalichape, asalisite, asalimate ndi guluu kapena selotepi. Wogula wodziwa amaliunika pakuwala nazindikira msanga kuti ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo mtengo umatsika kuposa likadakhala lakuda. Alisunge lotambasula pakati pa mapepala oyera, pamalo pouma. Adziwe dzina lake, chaka chake ndi nambala yake ya m'buku lija, kenaka afufuze pa intaneti mitengo imene mapepala ofanana nalo adagulidwira, osati imene ogulitsa akungoitanira. Nyumba zogulitsa pa okushoni monga Spink ya ku London zimasunga zotsatira za malonda awo. Adziwenso kuti wogula woyendayenda amagula kuti akagulitsenso, tsono mtengo wake woyamba ngwapansi nthawi zonse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma asadzinamizenso: mapepala ambiri a kwacha a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, akakhala okutha, sangagule ngakhale thumba la feteleza.

Pamenepa ndi pamene ife a pasukulu ino tiyenera kuganiza mofatsa. Pepala loyera likapita kunja, banja limapeza kangachepe ndipo dziko silitaya zambiri, pakuti anzake alipo m'mabuku. Koma pepala lakuda, limene msika sulifuna, lili ndi chinthu chimene Pick sadachilembe: lili ndi mwini wake. Gogo amene adalisunga angathe kunena kuti adalipeza pogulitsa fodya wa chaka chiti, pamsika uti, kwa Farmers Marketing Board kapena kwa ADMARC imene idalowa m'malo mwake mu 1971. Kapena kuti lidali la malipiro otsiriza a ku Wenela, Dr. Banda asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Angathenso kunena chifukwa chimene sadalisinthire: mtunda wa kuboma, mantha a msonkho, kapena kusakhulupirira kuti ndalama yatsopano ikhalitsa. Mayankho amenewa sali ku National Archives ku Zomba, ndipo m'nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri simungawamve.

Tsono anzanga a ku Dowa ndi Ntchisi, potsekera sukulu tikapita kumudzi, tikapemphe akuluakulu atitsegulire masutikesi awo. Tikalembe chaka ndi nambala ya pepala lililonse, ndiponso mawu a mwini wake monga awanenera. Kugulitsa kungathe kudikira chaka china, pakuti pepala losungidwa bwino silithawa. Amene akudziwa nkhani yake ndiwo sadzadikira.