Mmisiri wa mabwinja a ku Maine

M'chaka cha 1948 Andrew Wyeth, mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto wa ku America, adasuzumira pawindo la nyumba ina yakalekale m'mudzi wa Cushing, m'chigawo cha Maine, naona mayi akukwawa m'udzu. Mayiyu adali Christina Olson, wa zaka 55, yemwe miyendo yake idafooka ndi matenda. Njinga ya olumala adaikana, ankadzikoka ndi manja. Mpamene padachokera Christina's World, chithunzi chomwe chili ku Museum of Modern Art mu mzinda wa New York.

Kuti timvane bwino, owerenga anzanga, tiyambe ndi mudziwo. M'zaka za m'ma 1800 alimi ambiri a ku Maine ndi zigawo zoyandikana adasiya minda yawo yamiyala. Ena adasamukira kumadzulo kotsata nthaka yachonde, ena adakalowa ntchito m'mafakitale. Tchire lidabwerera m'minda, nyumba nkusanduka mabwinja. Christina ndi mlongo wake Alvaro adali ena mwa otsalira, osauka, m'nyumba ya makolo awo.

Wyeth, yemwe adabadwa mu 1917, adawadziwa awiriwa mu 1939 kudzera mwa Betsy James, mtsikana yemwe adadzamukwatira chaka chotsatira. Kwa zaka pafupifupi 30 ankabwerako nyengo yotentha, mpaka adamupatsa chipinda chapamwamba choti azijambuliramo. Utoto wake udali ufa wosakaniza ndi chikasu cha dzira. Utoto wotere umauma msanga ndipo suwala, choncho udzu ankaujambula kamzere kamodzikamodzi. Nchifukwa chake zithunzi zake zili mbuu, ngati dziko lomwe mvula idalekeza kale. Mu Wind from the Sea cha 1947 mulibe munthu, muli windo ndi makatani akutha akuuluzika ndi mphepo, basi.

Tsono funso ndi ili: kodi kukongoletsa umphawi wa mnzako si kumudyera masuku pamutu? Chithunzi cha Christina chidagulidwa pa madola 1,800, kenako chidatchuka dziko lonse, mwiniwake ali chikwawire pabwalo pake. Ambiri akachiona amayesa ndi namwali akupuma m'dambo. Ndipo nzoona, thunthulo Wyeth adajambula poyang'ana mkazi wake Betsy. Koma taonetsetsani manjawo: owonda, opindika, akukanikiza nthaka. Manja amenewo ngachristina, ndipo sanamizidwe.

Ine ndikuti mlanduwu Wyeth amapulumuka nawo chifukwa cha chinthu chimodzi: sadali mlendo wongodutsa. Alvaro adamwalira mu December 1967, Christina namutsatira mu January 1968. Wyeth adabwerera m'nyumba yopanda anthuyo najambula zitseko ziwiri zotsekedwa, chithunzicho nkuchitcha Alvaro and Christina. Iye atamwalira mu 2009 adaikidwa m'manda aang'ono a pafupi ndi nyumbayo, momwe mudagona a Olson.

Nyumbayo idaperekedwa ku Farnsworth Art Museum mu 1991, ndiye kuti chithunzi chidaipulumutsa kuti isagwe. Koma ulimi wa a Olson udathera pomwepo. Achinyamata ojambula midzi yakugwa, ndi burashi kaya ndi kamera, aphunzirepo apa. Bwinja lili ndi eni ake. Musanalijambule, yambani mwafunsa kuti ankakhala pano ndani, nanga adachokeranji.