Linga la pa phiri la Mangochi

Adzukulu anga, inu munabadwira kuno ku St Mary's, Chishona chili pakamwa, ndipo anzanu akakunenani kuti Mabhurandaya, dzina lonyozera ife obwera, mumangopsa mtima osadziwa kumene nkhaniyi inayambira. Inayambira pa phiri lina kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi Namwera. Bambo anga anagonapo pa phiri limenelo ali mnyamata, ndiye khalani pansi mumve.

Phirilo linali la Jalasi, mfumu ya Ayao, yemwe Azungu ankamulemba kuti Zarafi. Mudzi wake unali pamwamba, anthu ake anali ndi mfuti zagogodera, ndipo tisabise, ankagwira anthu n'kumawagulitsa kwa amalonda a kunyanja yamchere. Mu 1891 Harry Johnston anabwera ndi asilikali a Chimwenye ovala nduwira, aja ankawati Asiki, namanga Fort Johnston m'mbali mwa Shire moyang'anana ndi kwa mfumu Mponda. Chaka chotsatira gulu lawo linakwera kukalimbana ndi Jalasi. Linathyoledwa, n'kuthawa kusiya mzinga pambuyo. Mzingawo unakhala m'manja mwa Jalasi mpaka 1895, pamene asilikali aja anabweranso ali ambiri, iye n'kuwolokera kwa Apwitikizi. Mu 1897, pa bwinja la mudzi wake womwewo, anamangapo linga lamiyala. Ndiye Fort Mangochi ameneyo.

Kwa kanthawi linali ndende. Itabuka nkhondo ya Chiwaya mu 1914, linasanduka malo ophunzitsira asilikali a King's African Rifles. Bambo sanavale yunifolomu ayi. Anawagwira kumudzi kuti akakhale atengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema. Ankati lipenga likalira m'mamawa, asilikali amafola m'kati mwa linga, iwo ali kunja kwa khoma, atazinga moto chifukwa pamwambapo pamazizira zedi. Kuchoka apo, katundu pamutu, ulendo wotsata Ajeremani m'tchire. Anzawo ambiri sanabwerere. Chipolopolo sichinawakhudze n'komwe; anatha ndi njala, kamwazi, ndi chimfine chija cha 1918. Bambo akafika pamenepa ankangotchula mayina, dzina ndi mudzi, dzina ndi mudzi, ife ana tili chete.

Nkhondo itatha, lingalo linatha ntchito. Asilikali anatsika, madenga anagwa, mitengo inamera m'zipinda. Malinga ena anali atasiyidwa kale, monga Fort Lister uja wa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese. Ngakhale kuno kwanuku n'chimodzimodzi. Anthu a Rhodes polowa mu 1890 anamanga Fort Tuli, Fort Victoria, Fort Charter ndi Fort Salisbury. Salisbury ndiye Harare mukupita kukagwira ntchitoyu, Victoria ndiye Masvingo, koma Tuli anafota njanji itafika ku Bulawayo mu 1897, ngolo zitasiya kudzera kumeneko.

Tsono mverani apa. Malinga aja anathetsadi ukapolo, ndipo ine sindingalilire Jalasi pa zimene ankachita. Koma mfuti yomwe inatseka njira ya akapolo ndi yomweyo inaperekeza wokhometsa msonkho. Nyumba iliyonse mashiling'i atatu, pomwe kumudzi ndalama kunalibe. Wolephera ankamutenthera nyumba, mwina kumugwirira mkazi kuti mwamuna atuluke m'tchire. Azungu sanasiye phiri lija chifukwa chogonja. Anangoona kuti kalaliki wa kuboma ndi buku lake la msonkho akukwanitsa zimene kale zinkafuna mzinga.

Ndalama ya msonkhoyo inali kuti? Kumigodi ndi kumafamu a kuno. Amuna ananyamuka, ena wapansi mwa selefu, kapena kuti mwa iwo okha, kuwoloka Zambezi pa Tete, ena pambuyo pake kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Midzi inatsala ndi amayi ndi nkhalamba. Bambo anabwera n'kubwerera. Ine ndinabwera, ndinakwatira, ndinatchona, ndipo pamene ankaphatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's mu 1978 kuti pakhale Chitungwiza, ndinali kale muno.

Wina wa inu akadzapita kumudzi, akatsike pa Mangochi, tauni yomwe kale inkatchedwa Fort Johnston, awoloke Shire n'kukwera msewu wa ku Namwera. Makoma alipobe m'nkhalango. Koma musakangokwera ngati kwanu. Mukayambe mwaonekera kwa eni dera, pakuti kumeneko mpaka lero kuli mfumu yaikulu Jalasi.