Kuweta agalu ku Machipisa: nyengo yokweredwa, kuswa ndi kutseketsa galu wamkazi

HARARE - Msika wa Machipisa uli pakati pa Highfield, limodzi mwa makomboni akale kwambiri a mzinda wa Harare m'dziko la Zimbabwe. Mozungulira msikawu muli madera monga Egypt, Jerusalem, Canaan ndi Lusaka, kumene nyumba ndi zothithikana ndipo mabwalo ndi aang'ono. Pakati pa anthu okhala kumeneko pali mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito. Makomo ambiri amaweta galu pofuna chitetezo, ndipo ena amaswetsa agalu kuti azigulitsa ana ake. Galu wamkazi akafika miyezi 6, mwini wake amayenera kusankha pa zinthu zitatu: kumukweretsa, kumutsekera pa nyengo yokweredwa, kapena kupita naye kwa dokotala wa ziweto kuti akamutseke. Nkhani ino ikufotokoza zoyenera kudziwa munthu asanasankhe.

Nyengo yokweredwa

Agalu aakazi ambiri amayamba kufuna amuna ali ndi miyezi 6 mpaka 12. Mitundu ikuluikulu monga Boerboel imachedwerapo, ina mpaka miyezi 18 kapena kupitirira. Akayamba, nyengoyi imabwera pafupifupi kawiri pa chaka, ndipo siisiya ngakhale galuyo akalambe.

Madokotala a ziweto amaigawa nyengoyi m'zigawo zinayi. Poyamba, kumaliseche kwa galu kumatupa ndipo kumatuluka timagazi. Agalu aamuna amayamba kusonkhana pa geti, koma wamkazi amawakana. Izi zimatenga masiku pafupifupi 9. Gawo lachiwiri, lomwenso limatenga masiku pafupifupi 9, magazi amachepa n'kuyererako, ndipo galu amaima n'kupatutsa mchira wamwamuna akayandikira. Apa ndi pamene amatenga bere. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: akaona magazi achepa amaganiza kuti zatha, n'kumumasula galu pa masiku enieni amene amayenera kutsekeredwa. Gawo lachitatu limatenga miyezi pafupifupi 2, kaya galu watenga bere kapena ayi. Agalu ena pa nthawiyi amatupa mawere, amatulutsa mkaka ndi kukonza pogona ngati ali ndi bere pamene alibe. Gawo lomaliza ndi la mpumulo, ndipo limatenga miyezi ingapo.

Masiku amenewa amasiyana galu ndi galu. N'chifukwa chake mwini galu amene sakufuna ana ayenera kumutsekera kwa masabata 3 mpaka 4 kuyambira tsiku loyamba kuona magazi. Kumumanga pa unyolo panja sikuthandiza, pakuti agalu aamuna amalumpha mpanda kapena kukumba pansi pake. Umuna wa galu umakhala wamoyo m'thupi la wamkazi kwa masiku angapo, ndipo ana a bere limodzi akhoza kukhala a agalu aamuna osiyanasiyana. Agalu akagwirana pokwerana amatha kukhala chomwecho mphindi 5 mpaka 30. Kuwakoka, kuwamenya kapena kuwagenda kumawavulaza ndipo sikuletsa bere.

Zofunika kwa amene akufuna kuswetsa

Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63. Akatswiri amalangiza kuti galu asakweretsedwe pa nyengo yake yoyamba popeza thupi limakhala lisanakhwime, ndiponso asamaswe nyengo iliyonse mosapumira. Asanakweretsedwe ayenera kukhala atalandira katemera yense ndi mankhwala a njoka za m'mimba, komanso wopanda nkhupakupa.

Woswetsa wosamala amayang'ananso matenda akumtundu. Mitundu ya German Shepherd ndi Boerboel imavutika kawirikawiri ndi mafupa a m'chiuno osalumikizana bwino, vuto limene limaoneka pojambula ndi X-ray. Rhodesian Ridgeback, mtundu umene ndondomeko ya maonekedwe ake inalembedwa ku Bulawayo mu 1922, nthawi zina umabadwa ndi kabowo ka pakhungu kolowa chakumsana. Kukweretsa galu ndi mlongo wake kapena kholo lake kumachulukitsa zilema zotere. Galu wolusa mopanda chifukwa sayenera kuswetsedwa, makamaka m'dera ngati Highfield kumene ana amasewera mumsewu ndipo nyumba imodzi imakhala ndi mabanja angapo ochita lendi.

Palinso chotupa china chimene agalu amapatsirana pokwerana. Chimamera kumaliseche, chimatuluka magazi, ndipo n'chofala pakati pa agalu oyendayenda m'maiko otentha. Chimachizika ndi jakisoni wa vincristine amene dokotala amabaya kwa masabata angapo, koma galu wodwala asakweretsedwe.

Ana akabadwa amafunika mankhwala a njoka kuyambira ali ndi masabata 2, ndi katemera woyamba ali ndi masabata 6 mpaka 8. Katemerayu amawateteza ku matenda monga parvovirus, amene amachititsa tiana kusanza ndi kutsegula m'mimba magazi, ndipo amapha tambiri. Mwana wa galu asachotsedwe kwa make asanakwane masabata 8. Funso lalikulu ndi lakuti anawo akapita kuti. Galu wamkulu thupi akhoza kuswa ana 6 mpaka 10 pa bere limodzi, ndipo ana a galu wokweredwa mwangozi sapeza ogula msanga. Otsalawo ndi amene amakathera m'misewu ndi pa mitaya ya zinyalala.

Ubwino wa kutseketsa

Kutseka galu wamkazi ndi opaleshoni imene dokotala wa ziweto amachita galu atagonekedwa ndi mankhwala. Amachotsa ziwalo zopanga mazira, ndipo kawirikawiri amachotsanso chiberekero. Galu sakhalanso pa nyengo yokweredwa ndipo saswanso. Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14.

Ubwino woyamba ndi kupewa mafinya m'chiberekero, matenda amene amagwira agalu osatseka pakapita masabata angapo nyengo yokweredwa itatha. Galu amamwa madzi kwambiri, amafooka, amakana chakudya, ndipo nthawi zina mafinya amatuluka kumaliseche. Akachedwa kuchitidwa opaleshoni amafa. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2001 anapeza kuti pafupifupi galu mmodzi mwa 4 alionse osatseka amadwala matendawa asanafike zaka 10.

Ubwino wachiwiri ukukhudza zotupa za m'mawere, zimene pafupifupi theka lake zimakhala khansa. Kafukufuku wa ku America wa mu 1969 anasonyeza kuti agalu otsekedwa asanafike nyengo yoyamba sadwaladwala zotupazi. Mu 2012 akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London anaunikanso kafukufuku wa mtunduwu n'kunena kuti umboni wake si wamphamvu monga ankaganizira kale, koma madokotala ambiri amauwerengerabe ubwinowu polangiza eni agalu. Chikhulupiriro chakuti galu ayenera kuswa kamodzi asanatsekedwe chilibe umboni, ndipo kutseka sikumuchotsera galu khalidwe lolondera pakhomo.

Zovuta zake ndi nthawi yoyenera

Galu wotsekedwa amanenepa msanga ngati chakudya sichinachepetsedwe. Ena, makamaka a mitundu ikuluikulu, amayamba kudontha mkodzo akamakula, vuto limene lili ndi mankhwala. Kuyambira mu 2013, akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis akhala akusonyeza kuti m'mitundu ina ikuluikulu, kutseka galu asanakwanitse chaka kumawonjezera mavuto a mfundo za mafupa. Choncho galu wamng'ono thupi akhoza kutsekedwa ali ndi miyezi pafupifupi 6, pamene kwa wamkulu thupi dokotala angalangize kudikira kuti akhwime. Koma kudikirako kuli ndi phindu pokhapokha ngati pakhomo pali khola lolimba lomutsekeramo nyengo ikafika. Kumene kulibe, kutseka msanga ndiko kwanzeru. Ngati galu ali kale pa nyengoyi, madokotala amakonda kudikira miyezi 2 mpaka 3 itatha, chifukwa pa nthawiyo chiberekero chimakhala ndi magazi ambiri.

Anthu ena amabaya galu jakisoni wolera wa amayi pofuna kupewa mtengo wa opaleshoni. Mankhwala amenewa amawonjezera ngozi ya mafinya m'chiberekero ndi zotupa za m'mawere, kotero ndalama zimene munthu wapulumutsa zimadzatuluka zochuluka pambuyo pake. Kuthena galu wamwamuna ndi opaleshoni yaing'ono ndipo kumachepetsa kuyendayenda, koma kuchitike ndi dokotala, osati ndi mpira kapena lezala pakhomo.

Chiwewe ndi umoyo wa anthu

Nkhaniyi siikuthera pakhomo pa mwini galu. Chiwewe cha agalu chinakhazikika m'Zimbabwe kuyambira mu 1950, ndipo mzinda wa Harare unakhala pa mliri wa matendawa pakati pa 2010 ndi 2017. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse omwalira, pafupifupi 4 ndi ana osafika zaka 15.

Kuti chiwewe chisiye kufala, agalu 70 mwa 100 alionse ayenera kulandira katemera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre ku Malawi m'masiku 20. Koma kumene agalu akuswana mosaletseka, ana osatemera amachuluka chaka chisanathe, ndipo chiwerengero cha otetezedwa chimatsika. Kutseka sikulowa m'malo mwa katemera, koma kumathandiza kuti ntchito ya katemera isapite pachabe. Munthu akalumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Malamulo ndi kopeza thandizo

Malamulo a Zimbabwe amalamula kuti galu aliyense alandire katemera wa chiwewe, ndipo khonsolo ya mzinda wa Harare imafuna kuti agalu akhale ndi laisensi. Lamulo loletsa nkhanza kwa nyama limapereka chilango kwa munthu wozunza kapena kunyanyala chiweto chake. Anthu a ku Machipisa ndi madera oyandikana nawo monga Glen Norah ndi Mbare angafunse uphungu ku nthambi ya boma yoona za ziweto, ku bungwe la SPCA la ku Harare, kapena kwa madokotala a ziweto oima paokha. Ku Malawi, bungwe la LSPCA ku Lilongwe limagwira ntchito yofananayo. Popita kumeneko ndi bwino kunyamula khadi la katemera la galuyo ndi kukumbukira tsiku limene anayamba nyengo yake yomaliza, pakuti dokotala adzafunsa zimenezi asanapereke tsiku la opaleshoni.